Maola Amene Mukufuna Kulumpha

Ndakangana ndi magulu awiri a anthu pa nkhani ya Doki Doki Literature Club!, ndipo chondipsetsa mtima n'chakuti m'magulu onse awiriwo mulibe ndi mmodzi yemwe amene adakhala pansi n'kuiwerenga kuchokera poyambira mpaka pothera. Gulu loyamba ndi la alembi anzanga, ena amsinkhu wanga, ena amvulazakale. Iwowa akangomva kuti chinthucho chimawerengedwa pakompyuta, ndipo akangoona zithunzi za atsikana amaso akuluakulu ngati a kadzidzi, amapukusa mutu n'kumandimvera chisoni kuti ndayamba chibwana kuukulu. Akulu ena amene ndimawalemekeza kwambiri, omwe adandikonzera ndakatulo zanga zoyamba ndi cholembera chofiira, adandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi mphwanga, mabuku adatha m'dziko muno?" Anthu adaseka. Nanenso ndidaseka nawo, poti wamkulu sabwezeredwa mawu pagulu. Yankho langa ndi lino.

Gulu lachiwiri ndi la achinyamata, ndipo ili ndilo limandidandaulitsa koposa. Amene adandiikira gemuyi pa laputopu ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa ku yunivesite, amene adadzakhala kwathu nthawi ya tchuti. Atatha kuiika adandilangiza mwachikondi ndithu: "Amalume, poyambapo m'pobowa. Muzingolumpha mpaka pamene zinthu ziyambe kuvuta, m'pamene pali nkhani." Nditamufunsa ngati iye adaimaliza, adati adaionera pa YouTube, pomwe munthu wina adadula zonse n'kusiya malo oopsa okhaokha. Mathero ankawadziwa, maina onse ankawadziwa, nthabwala za pa intaneti zokhudza gemuyi ankazidziwanso. Koma paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Akulu aja ndi mnyamatayu, ngakhale sangakhale mphasa imodzi, akugwirizana pa chinthu chimodzi: onse akuti maola oyamba a gemuyi ndi otaya. Ine ndikuti maola amenewo ndiwo nkhaniyo, ndipo ndi chifukwa cha iwo kuti munthu wamkulu wokonda zolembalemba ayenera kuipatsa nthawi yake.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho, poti ena mwa inu simudachionepo. Visual novel ndi nkhani yolembedwa, yoti munthu aziwerenga, koma m'malo mwa pepala ili pa sikirini. Pamwamba pamakhala chithunzi cha malo ndi cha amene akuyankhula, m'munsi mumakhala kabokosi ka mawu, kanyimbo kakulira chapansipansi. Ukawerenga chiganizo umadina batani kuti chibwere china. Mulibe kuthamangitsa galimoto kapena kuwombera adani. Mwa apo ndi apo nkhaniyo imaima n'kukufunsa kuti usankhe chochita, ndipo chimene wasankhacho chimatha kuikhotetsera kwina. Zolemba zamtunduwu zidakulira ku Japan, ndipo dzinali lidatchuka ndi kampani ya Leaf imene idatulutsa Shizuku mu 1996 ndi To Heart mu 1997. Zambiri mwa izo ndi zachikondi: mnyamata wapasukulu wazingidwa ndi atsikana angapo, ndipo ntchito ya wowerenga ndi kusankha mmodzi n'kumulondola mpaka atalola. Achinyamata amazitcha magemu, nanenso ndizizitcha choncho, ngakhale ntchito yaikulu imene munthu amagwira m'menemo ndi kuwerenga basi.

Doki Doki Literature Club! siidalembedwe ku Japan. Adailemba ndi Dan Salvato wa ku America, m'Chingerezi, motsanzira dala maonekedwe ndi kayendedwe ka nkhani zachijapanizo. Idatuluka mu September 2017, yaulere, ndipo m'miyezi itatu yokha anthu adaikopera koposa miliyoni imodzi. Mawu akuti doki doki m'Chijapani amatsanzira kugunda kwa mtima. Ukaitsegula zonse zimakhala zapinki, kanyimbo kansangala, atsikana anayi akumwetulira. Koma izi zisanaoneke pamabwera chenjezo lakuti gemuyi si ya ana ndiponso si ya anthu osachedwa kusokonezeka maganizo. Chenjezolo umaliwerenga, umavomera, kenako umaliiwala, chifukwa kwa maola otsatirawo palibe chimene chikulikumbutsa.

Tsono ndisabise mawu: poyambapo m'potopetsadi. Iwe ndiwe mnyamata wopanda chochita, waulesi, amene mnzako wakuubwana, Sayori, wakukokera ku kalabu ya zolembalemba ya pasukulu. Walola osati chifukwa chokonda mabuku, koma chifukwa wamva kuti kuli timakeke. Kumeneko ukupeza Natsuki, kamtsikana kaukali kophika timakeketo ndi kokonda timabuku tazithunzi totchedwa manga. Yuri, wamanyazi, wokonda tiyi ndi mabuku ochindikala. Ndi Monika, wapampando, wokongola, wanzeru, waulemu kwa onse. Tsiku loyamba mukudziwana. Tsiku lachiwiri mukuonetsana ndakatulo. Tsiku lachitatu mukuonetsananso ndakatulo. Natsuki ndi Yuri akukangana ngati ndakatulo yabwino ndi ya mawu apafupi kapena ya mawu ozama, mkangano umene aliyense wa ife amene adakhalapo pamsonkhano wa alembi adaumvapo kokwanira. Sayori wachedwanso kudzuka, tsitsi lili nyankhalala, wakupusitsa kuti umugulire kachakudya, wagunda mutu, akuseka. Zokambirana zake n'zopepuka, nthabwala zake n'zachibwana, ndipo mnyamata amene iwe ukumuyendetsayo ndi wozizira ngati phala ladzulo. Madzulo oyamba ndidatseka laputopu ndikuganiza kuti akulu aja adanena zoona.

Pakutha pa tsiku lililonse gemuyo imakupatsa ntchito yopeka ndakatulo. Sulemba kwenikweni, umangosankha mawu 20, limodzilimodzi, pa mndandanda umene wabwera. M'mbali mwa sikirini muli tizithunzi ta atsikana atatu, ndipo ukasankha liwu lomukomera mmodzi, kachithunzi kakeko kamadumpha. Amene wadumpha kwambiri ndiye udzacheze naye mawa lake. Ine ndidalondola Yuri, poti ndife anthu amabuku ochindikala. Ndinkasaka mawu aatali, olemera. Ndidaona ndithu kuti nthawi zina ndikasankha liwu lachisoni, la misozi kapena la kusungulumwa, poganiza kuti ndikukondweretsa Yuri, amene ankadumpha anali Sayori, mtsikana wosekaseka uja. Ndidaziona, koma sindidaziganizire. Ndidangodandaula kuti ndataya liwu. Ndidaonanso kuti kachithunzi ka Monika palibepo, ndipo ndidati mwina mlembi adatopa.

Amene safuna kuuzidwa zam'tsogolo alekeze pano, akaiwerenge, adzabwerere. Sindingateteze nkhaniyi popanda kuitsegula m'mimba.

Kumapeto kwa sabata, kalabu ikukonzekera chionetsero cha pasukulu chimene chichitike Lolemba, mnyamata uja apita kukaona Sayori kunyumba kwake chifukwa wakhala wosasangalala. Kumeneko Sayori, akumwetulirabe, amuuza kuti moyo wake wonse wakhala akudwala matenda amene Azungu amati depression, ife timangoti kuvutika maganizo, ngakhale mawu athuwa ndi opepuka poyerekeza ndi katunduyo. Akuti kuchedwa kwake kwa m'mawa uliwonse si tulo. Ndi kusowa chifukwa chodzukira. Akuti amasangalatsa ena chifukwa amadziona wosayenera kuti wina amutayire nthawi, ndipo munthu akamamusamala m'pamene zimamuwawa koposa. Madzulo ake akuulula kuti amamukonda mnyamatayo. Gemuyo ikupatsa zosankha ziwiri: umuuze kuti nawenso umamukonda, kapena umuuze kuti adzakhalabe mnzako wapamtima. Ndidakhala nthawi yaitali dzanja lili pa batani. Sankhani chimene mungasankhe, Lolemba m'mawa mumupeza atadzipha m'chipinda chake.

Tsopano bwererani m'mbuyo muwerenge. Kuchedwa kuja kumene kunkanditopetsa, tsitsi losapesa lija, chipinda chosasesa, kuseka kosalekeza, kudumphira mawu achisoni, ndakatulo yake ya munthu wogawira anzake chimwemwe chosungidwa m'mabotolo mpaka iye kutsala wopanda kanthu: zonsezi zidali poyera, ndipo ine ndidaziona zonse, ndikuyasamula, maso ali kwa Yuri. Chimene chidandilasa si chithunzi cha Lolemba m'mawacho. Zithunzi zoopsa zili mbwee pa intaneti. Chidandilasa n'chakuti ndidakhala ndi munthuyu masiku angapo, ndikumuona ngati chopinga pa njira yopita kwa mtsikana amene ndinkamufuna. Mwana wa mlongo wanga adaona chithunzi chomwecho pa YouTube, adadzidzimuka kamphindi, n'kupitiriza kudya chiwaya chake. Sadali ndi mlandu chifukwa sadakhalepo. Amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, komatu nyererezo zimaluma amene waika mkuyuwo m'kamwa. Wouzidwa chabe sizimuluma.

Apa ndiyenera kunena za kuntchito kwathu, ngakhale sindikonda kutero. Monga m'maofesi ambiri aboma, tili ndi buku losainamo nthawi yofika. Ikakwana 7:30 pamalembedwa mzere wofiira, ndipo wosaina pansi pa mzerewo wachedwa. Kwa zaka zingapo wolemba mzerewo ndidali ine. Padali mnyamata wina wanthabwala, amene tiyi wa 10 koloko sankakoma iye palibe. Maliro akagwa kwa mnzathu, woyamba kuyendetsa pepala la chipepeso ankakhala iyeyo. Koma dzina lake linkakhala pansi pa mzere katatu kapena kanayi pa sabata. Ndidamulembera kalata yomuchenjeza kawiri, m'Chingerezi chosalala, makope atatu. Ndinkati ndi ulesi, mwina mowa. Sindidamufunsepo n'kamodzi komwe kuti kodi m'mawa kukacha chimachitika n'chiyani. Tidakamuika kwawo m'dzinja, mvula ikugwa, ndipo adadzichotsa yekha. Sindikunena kuti makalata angawo ndiwo adamupha. Ndikungonena kuti patadutsa zaka, pamene kamtsikana kojambula kamaso akuluakulu kadafotokoza chifukwa chimene kamachedwera, ndidanyamuka pampando n'kukaima panja mumdima. Palibe buku lapepala limene lidandiimikapo pamlandu umenewo, ndipo ndawerenga ambiri.

Alembi anzanga, tiyeni tivomereze chinthu china. M'nkhani zathu zambiri munthu wachisoni timamuveka chisoni kuyambira tsamba loyamba. Wagwira tsaya, misozi ili chuchuchu, mitambo yada, kadzidzi walira padenga. Woipa timamupatsa maso ofiira. Timaopa kuti wowerenga atithawa tikapanda kumuonetsa mtembo kapena chigololo ndime yachiwiri isanathe, ndipo akonzi a m'manyuzipepala, okhala ndi danga lochepa, adatizoloweza changu chimenechi. Zotsatira zake wowerenga wathu amakhala woweruza nthawi zonse. Amadziwa wolakwa, amadikira chilango, amatseka buku mtima uli mbee. Salvato adachita zosiyana. Adalola kuti wowerenga atope, anyoze, alakwitse, kuti tsoka likadzafika limupeze ali m'kati mwa mlanduwo. Kuchita zimenezi kumafuna kulimba mtima kumene ambiri a ife tilibe, chifukwa uyenera kulolera kuti anthu ena akusiye panjira akuganiza kuti ndiwe mlembi wachabechabe.

Ndipo nkhaniyo siithera pamenepo. Wowerenga aliyense wa magemu otere amadziwa chochita zinthu zikalakwika: umabwerera pamene udasunga, n'kusankha zina. Ndidayesa. Zonse zimene ndidasunga zidali zitafufutika. Ukayambanso, sukulu ndi yomweyo, kanyimbo ndi komweko, koma Sayori kulibe, ndipo palibe amene akumukumbukira. Mnyamata uja akuyenda yekha kupita kusukulu, akunena kuti wakhala akuyenda yekha nthawi zonse. Iwe wekha ndiwe ukudziwa kuti pali munthu amene wasowa. Ukatuluka m'gemumo n'kutsegula foda yake pakompyuta, mumakhala kafoda ka anthu a m'nkhaniyo, momwe mudali mafayilo anayi, aliyense yake. Tsopano atsala atatu.

Kuyambira apa zinthu zimayamba kuphwasuka. Zithunzi zimang'ambika, nyimbo imapotoka, mawu amasintha okha. Yuri wamanyazi uja chikondi chake chisanduka misala, ndipo nayenso afa ndi dzanja lake. Pomaliza Monika afufuta onse otsala, akhala nawe maso ndi maso m'chipinda chopanda dziko kunja kwake, n'kukuuza kuti sakuyankhula ndi mnyamata wa m'nkhaniyo ayi, akuyankhula ndi iwe wakhala pampandowe. Iye adazindikira kuti ali m'gemu, ndi kuti mlembi adawapatsa anzake atatuwo njira yoti akondedwe, koma iye sadamupatse. Adalengedwa kuti azimwetulira, azikulangiza za kalembedwe, aziperekeza ena ku chimwemwe. N'chifukwa chake kachithunzi kake padalibe pamene tinkasankha mawu. Ndiye adayamba kusokoneza mafayilo a anzake kuti uwanyansidwe. Adzakhala nawe m'chipindamo akucheza mpaka kalekale, ndipo njira yokhayo yopitira patsogolo ndi yakuti utuluke, utsegule foda ija, ufufute fayilo yake ndi dzanja lako.

Akulu anga, funso lanu lija lidali lakuti kodi mabuku adatha. Sadathe, ndipo sadzatha. Koma ndiuzeni buku limene lingang'ambe lokha masamba amene mwawerenga kale kuti musabwerere. Ndiuzeni buku limene lingakukakamizeni kutenga lumo n'kudula dzina la munthu kuti muone mutu wotsatira. Pepala lili ndi mphamvu zake zimene sikirini ilibe, koma izi ziwirizi pepala silingathe. Ndipo funso limene Monika akufunsa ndi la ife alembi kuposa wina aliyense. Ndi anthu angati amene tidawalenga m'nkhani zathu kuti angotsegula chitseko, angobweretsa uthenga wa maliro, angokhala mkazi woyamba wozunzika kuti wachiwiri aoneke woipa? Ndidabwerera ku nkhani zanga zakale ndi diso limenelo, ndipo ndidapeza khamu la anthu oimirira m'mbali, manja ali kumbuyo.

Musaganize kuti ndikuyamikira zonse. Gawo lachiwirilo, limene achinyamata amalithamangira, ndilo lofooka kwa ine. Muli zoopseza zambiri zotsika mtengo: maso otuluka magazi, nkhope yotulukira mwadzidzidzi, khosi lothyoka. Izi ndi za ana oopsezana ndi chigoba usiku. Sayori adalembedwa mwaulemu, koma Yuri sadalembedwe mwaulemu; kudzivulaza kwake kwasandutsidwa chionetsero, ndipo wowerenga amasiyidwa nthawi yaitali akuyang'ana thupi lake popanda chimene akuphunzirapo. Vuto la Natsuki ndi bambo ake ankhanza langokhudzidwa pamwamba n'kusiyidwa.

Koma chimene ndidakwiya nacho kwenikweni ndi china. Pamene Monika akuulula kuti ndiye adasokoneza maganizo a Sayori, ndidamva ngati ndabwerera pamaliro aja a m'dzinja. Kumeneko, tisanachoke n'kumanda komwe, anthu adali atayamba kale kunong'onezana za wachibale wina amene ankati adamulodza mnyamatayo chifukwa cha munda. Mfiti ikapezeka, tonse timapuma. Wolemba mzere wofiira alibenso mlandu, anzake omwa naye tiyi alibe mlandu, matendawo sakhalanso matenda. Ndipo nayu Salvato, atandigwira pakhosi bwino lomwe, akundipatsa mfiti yoti ndiiloze chala. Ndimukhululukira theka lokha, chifukwa Monika yemweyo akunena kuti sadalenge matendawo, adangokoleza moto umene udalipo kale. Mu 2021, pamene idatuluka Doki Doki Literature Club Plus!, yogulitsa, adaonjezamo nkhani zapambali za mmene atsikanawa adadziwirana, m'dziko limene Monika sasokoneza kanthu, ndipo Sayori akudwalabe. Zimenezo zikuonetsa kuti matendawo ndi ake enieni. Komabe theka linalo sindimukhululukira. Nkhani ikadakhala yolemera koposa pakadapanda woloza chala.

Wina anganene kuti kuyamba mozizira ndi chinyengo chimene mlembi aliyense waulesi angabisalemo: alembe zozizira maola atatu, aphe munthu, ife tiombe m'manja. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo zolemba zamtunduwu zili ndi matenda amenewa. Salvato sadali woyamba kuyenda njirayi. Higurashi no Naku Koro ni, imene Ryukishi07 adayamba kutulutsa mu 2002, imakusunga nthawi yaitali ukuonera ana a m'mudzi wa Hinamizawa akusewera makadi m'kalabu yawo, kuphana kusanayambe. Muv-Luv ya mu 2003 imakudyetsa nthabwala zachikondi cha pasukulu kwa maola ochuluka isanakuponye m'dziko la nkhondo. Ngakhale nzeru ya mtsikana wodziwa kuti ali m'gemu idaoneka kale mu Kimi to Kanojo to Kanojo no Koi, ya kampani ya Nitroplus, mu 2013. Pakati pa zonsezi, ubwino wa Doki Doki ndi kufupika kwake: munthu amaimaliza m'madzulo awiri kapena atatu. Ndipo muyeso wosiyanitsira kuchedwa kwaulesi ndi kuchedwa kwaluso ndi wapafupi. Ukafika kumapeto, bwerera poyamba uwerengenso. Ngati masamba oyambawo akadali chimodzimodzi, mlembi adakubera nthawi. Ngati asintha tanthauzo pomwe palibe liwu limene lasinthidwa, ndiye kuti ankadzala pamene iwe unkati akungoyendayenda m'munda. Ndidabwerera. Si zonse zidasintha; mnyamata uja adali wozizirabe, ndipo nthabwala zina zidali zachibwanabe, poti chinthu chozizira mwadala sichileka kuzizira. Koma pafupifupi chiganizo chilichonse cha Sayori chidali chitasanduka china. Ngakhale malangizo a Monika, monga pamene amakukumbutsa kusunga pamene wafika, adali ndi mano amene sindidawaone.

Mlembiyo adadziwa chimene ankachita, ndipo umboni wake ndi uwu. Gemuyi ili ndi mathero ena obisika, ofatsa, momwe Sayori amathokoza wowerenga, ndipo pamabwera kalata yochokera kwa Salvato mwiniwake. Mathero amenewa sungawapeze mwa nzeru kapena mwa changu. Umawapeza pokhapokha ngati, Lolemba lija lisanafike, wabwerera mobwerezabwereza m'masiku otopetsa aja n'kupatsa nthawi mtsikana aliyense mwa atatuwo, osasiyapo mmodzi. Mphotho yaikulu ya gemu yonse adaibisa m'gawo lomwelo limene mwana wa mlongo wanga ankati ndilumphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwo adaulemba m'makina enieniwo.

Sindingakhale woona ndikapanda kunena za amene sayenera kuiyandikira. Chenjezo la poyamba lija si nthabwala, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti chikuto chimanama. Kholo lodutsa kumbuyo kwa mwana liona zapinki ndi atsikana omwetulira, n'kupitirira. Mu 2018, ofesi yofufuza za imfa m'dera la Manchester ku England idachenjeza masukulu ndi makolo za gemuyi, atamwalira mnyamata wa zaka 15 amene ankaisewera. Kwa ine chenjezo limenelo n'lokwanira. Mwana wa kusekondale sindingamupatse. Munthu amene iye mwini akulimbana ndi maganizo ofuna kudzichotsa, kapena amene waika kumene m'bale wake wofa motero, asaitsegule. Chimene akufunika ndi munthu wamoyo womumvetsera ndi achipatala, osati Monika. Ndipo amene amapatsa mnzake gemuyi momupusitsa, akumuuza kuti ndi kankhani kachikondi kuti adzamuseke akadzadzidzimuka, ameneyo ndi wankhanza. Ndikuteteza kuleza mtima kwa wowerenga amene wachenjezedwa, osati msampha.

Chotsala ndi dandaulo lathu lakale lija, limene timalibwereza pamsonkhano uliwonse, lakuti achinyamata masiku ano sawerenga. Ena sawerengadi. Koma alipo ambiri amene amakhala usiku wonse akuwerenga ziganizo zikwizikwi m'kabokosi ka pansi pa sikirini, ndipo ife sitiwawerengera chifukwa sitimva fungo la pepala. Chida chimene Salvato adapangira gemu yake, chotchedwa Ren'Py, n'chaulere, ndipo sichisankha chiyankhulo; chingalandire Chichewa monga chimalandirira Chingerezi. Pamene ife tikudikira wosindikiza amene adasunga zolemba zathu zaka zisanu mu kabati, palibe chimene chikuletsa mlembi mmodzi, wojambula mmodzi ndi woimba mmodzi kukhala pansi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo sindikufuna kuti muiwerenge gemuyi ngati phunziro la ntchito. Muiwerenge chifukwa ndi nkhani yabwino yokhala ndi zilema zake, monga nkhani zabwino zambiri.

Mwana wa mlongo wanga sindidathe kumutembenuza. Akuti poti mathero akuwadziwa kale, palibe chifukwa. Koma akulu aja ndidawapititsira gemuyo pa fulashi kunyumba kwawo, ndidawaikira pa kompyuta ya mdzukulu wawo, ndidawawerengera chenjezo lonse mokweza, ndi kuwapempha kuti mdzukuluyo asaiyandikire. Adailandira monga munthu amalandirira mankhwala owawa ochokera kwa mlendo. Patatha milungu itatu tidakumana pa depoti. Adandiuza kuti afika pa ndakatulo yachiwiri, kuti Chingerezi chake n'chopepuka kwambiri, ndi kuti mpaka pano sakuona chimene ndidaimira nacho pagulu. Adati mwa onsewo wanzeru ndi Yuri yekha, ndipo kamtsikana kochedwa kudzuka kaja kakuwatopetsa.

"Pitirizani, bambo," ndidatero. Minibasi yawo idali itadzaza, ndipo kondakitala ankamenya chitseko.